Kabati imene inadya zipolopolo zamtovu

Abambo ena achikulire amene tinkayandikana nyumba ku Tennessee, m'dziko la America, anandiitanira m'galaja mwawo Loweruka lina, akupukusa mutu. Anasolola dilowa ya kabati yokongola ya matabwa a oak, mtengo wolimba wa kumeneko, imene anakhoma okha atangopuma pa ntchito. M'katimo munali zipolopolo zamtovu mazanamazana zimene anaumba ndi manja awo, zondandalikidwa bwino m'timakatoni, koma zonse zili mbuu ngati munthu wazikutumulira ufa. Anakhudza chimodzi, ufawo n'kutsalira pachala. Kenako anakoka chitini chakale cha khofi chimene chinali pansi pa tebulo, momwe anangoponyamo zotsala za tsiku lomwelo, za mumphika wosungunulira mtovu womwewo. Izo zinangothimbirira, zotuwa ngati mtambo wa mvula, koma zosalala bwinobwino.

"Mwana wanga, taona," anatero. "Zimene ndinazisamala ndi zimene zawonongeka. Zimene ndinangozitayira apo zili bwino. Zimenezi zikutheka bwanji?"

Ndinawauza kuti wolakwa ndi kabatiyo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira mwana.

Kwathu ku Malawi mfuti ndi zipolopolo ndi nkhani ya chilolezo, ndipo amene amakumbukira za gogodela ndi agogo okhaokha. Ku America zinthu n'zosiyana. Anthu ambiri okonda kusaka nyama ndi kuwombera chandamale amaumba okha zipolopolo pakhomo. Ndikati chipolopolo pano ndikunena kamutu kamtovu kokha, kaja kamatuluka m'mfuti n'kuuluka, osati chigoba chamkuwa chokhala ndi wonga. Mtovu umasungunuka msanga, pa madigiri 327, motero kamphika kamagetsi ndi chikombole chachitsulo n'zokwanira. Kale mtovu ankaupeza mosavuta kwa okonza matayala, timitovu tija amapanikiza m'mphepete mwa limu kuti tayala lisamagwedere. Koma ku Ulaya anatiletsa mu 2005, ku California mu 2010, ndipo masiku ano tambiri ndi tachitsulo kapena ta zinki. Choncho munthu akaupeza mtovu amaukundika. Nyengo yozizira amakhala m'galaja n'kuumba masauzande, zina zodzagwiritsa ntchito patapita zaka 10 kapena 20. Vuto la kasungidwe limayambira pamenepo.

Mtovu suchita dzimbiri monga limachitira khasu. Dzimbiri la chitsulo limafufuma, kung'ambika n'kumagwa, kusiya chitsulo cham'kati pambalambanda kuti nachonso chidyeke. Khasu loiwalidwa kumunda dzinja lonse mumalipeza litanyenyeka. Mtovu ukaudula ndi mpeni umanyezimira ngati siliva, pakapita masiku owerengeka n'kuda. Chimene chachitika n'chakuti okosijeni wa mumpweya wagwirana ndi mtovu wapamwamba n'kupanga kakhungu kopyapyala kwambiri. Kakhungu kameneka sikagwa. Kamamatirira n'kutseka njira, mpweya osafikanso m'kati. N'chifukwa chake mapaipi amtovu amene Aroma anaika pansi zaka pafupifupi 2,000 zapitazo akufukulidwabe athunthu, ndipo madenga amtovu a matchalitchi akale a ku England amatha zaka zoposa 100 ali pamvula. Kutuwa kwa zipolopolo za m'chitini cha khofi si matenda ayi, ndi chishango chawo. Amene amazipukuta kuti zinyezimire amangodzivutitsa, n'kuchotsanso chomwe chikuziteteza.

Ufa woyera uja ndi nkhani ina. Kuti ubadwe pamafunika zinthu zitatu pamodzi: nthunzi ya asidi, makamaka asidi wa m'viniga, chinyezi, ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi womwe tonse timatulutsa popuma. Asidi amasungunuka m'kachinyezi kosaoneka ndi maso kamene kali pachipolopolo, amaboola kakhungu kaja n'kugwirana ndi mtovu. Chotulukapo ndi mchere wa mtovu umene azungu akale ankautcha shuga wa mtovu chifukwa umatsekemera, ngakhale ndi poizoni. Mcherewo sukhalitsa choncho. Kaboni dayokisaidi amaufikira n'kuusandutsa ufa woyera, ndipo posandulikapo asidi uja amamasuka. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Asidi sathera m'ntchitoyo. Akangomasuka amabwerera pamtovu, kuluma pena, kumasukanso, kulumanso. Ufa woyerawo ndi wofufuma ngati dzimbiri la khasu, sutseka njira iliyonse. Asidi wochepa kwambiri, woti mphuno sizingamumve, amatha kudya mtovu wambiri akapatsidwa zaka. Amene anatsegulapo thumba la chimanga chosathira mankhwala n'kupeza nankafumbwe atachisandutsa fumbi akudziwa mmene zimakhalira. Adani ake ndi ochepa, koma sapuma ndipo satuluka m'thumbamo.

Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka mazana ambiri anthu ankachita zimenezi mwadala. Ufa womwewu ndi umene unali utoto woyera wa ojambula zithunzi ndi openta nyumba ku Ulaya. Theophrastus wa ku Greece analemba za kapangidwe kake cha m'ma 300 Yesu asanabadwe. Adatchi anadzaikonza bwino njirayo: ankapinda mtovu wopyapyala n'kuuika m'miphika yadothi yokhala ndi viniga pang'ono pansi, mtovuwo osakhudza vinigayo, kenako n'kukwirira miphikayo m'ndowe za mahatchi. Ndowe zikamawola zimatulutsa kutentha ndi kaboni dayokisaidi, viniga amatulutsa nthunzi. Pakapita miyezi itatu ankafukula n'kupala ufa woyera. Dilowa ya aneba anga inali kafakitale komweko, kungoti kogwira ntchito pang'onopang'ono ndiponso kopanda ndowe.

Nanga viniga m'kabati anachokera kuti? M'thabwa lenilenilo. Mtengo uliwonse uli ndi tizigawo m'thupi mwake timene chinyezi chikatifika timamasula asidi wa m'viniga pang'onopang'ono, ndipo oak ali m'gulu la mitengo yotulutsa wambiri. Kukatentha ndi kunyowa amatuluka mowirikiza. Thabwa silisiya zimenezi chifukwa lauma kapena lakalamba. Matabwa a fakitale, aja opanikiza utuchi ndi guluu, amawonjezera mpweya wina umene umasanduka asidi wofanana ndi wa nyerere, ndipo naye amaluma mtovu. Guluu woyera wa akalipentala amatulutsa asidi wa viniga. Silikoni womatira magalasi, uja amanunkha viniga mukamamufinya, safunika n'kufotokoza komwe. Penti wamafuta ndi vanishi zikamauma zimatulutsa asidi kwa nthawi yaitali. Makatoni wamba, manyuzipepala ndi zikopa zofufuta ndi makungwa zili m'gulu lomweli. Aneba anga anasonkhanitsa zinayi m'dilowa imodzi: oak, guluu woyera, vanishi ndi makatoni.

Amene anaphunzira phunziroli mowawa ndi osunga zinthu zakale m'nyumba zochititsa chidwi. Zidindo zamtovu, ndalama zakale ndi tizidole ta asilikali zinkanyenyeka m'makabati okongola a oak, pomwe zina zinali zitakhala m'nthaka zaka mazanamazana osawonongeka. Mu 1973 Andrew Oddy wa ku British Museum anakonza kayesedwe kamene mpaka lero kamadziwika ndi dzina lake. Amatenga kachidutswa ka thabwa, nsalu kapena guluu amene akufuna kumangira kabati, n'kukatsekera m'kabotolo pamodzi ndi madzi pang'ono ndi tizidutswa ta siliva, mkuwa ndi mtovu. Kabotoloko kamakhala pa madigiri 60 kwa masiku 28. Kamtovu kakayera, chinthucho sichiloledwa kuyandikira zosungidwa. Munthu woumba zipolopolo akhoza kuchita zofananako pakhomo: kachipolopolo kopala bwino ndi mpeni, kachidutswa ka katoni kapena thabwa lokayikitsalo, thonje lonyowa pambali, zonse m'botolo lagalasi lotseka, pamalo otentha kwa mwezi. Botolo lachiwiri lopanda kachidutswako likhale loyerekezera. Si za labotale, koma thabwa loipa limadziulula.

Chitsanzo chimene chimandikhudza ine ndi cha limba la m'tchalitchi cha St. Jakobi ku Lübeck, ku Germany. Ena mwa mapaipi ake amtovu ndi a m'zaka za m'ma 1400. Anapirira zaka mazana asanu, koma m'zaka za m'ma 1990 anayamba kuboowoka m'munsi, mawu n'kumatha. Ofufuza a ku Göteborg ku Sweden ndi anzawo atafufuza malimba angapo a ku Ulaya anapeza kuti mdani ndi asidi wochokera m'matabwa a mabokosi opopera mpweya, makamaka pomwe okonza anaikamo oak watsopano ndi guluu woyera. Mpweya woimbira nyimbo ndi womwe unkanyamula asidiyo kulowa naye m'mapaipi. Anaonanso kuti mapaipi amene anadyeka kwambiri ndi a mtovu wokhala ndi tini wochepa, chitsulo china chofewa chimene amasakaniza ndi mtovu.

Mfundo ya tiniyi oumba zipolopolo amaidziwa ndi maso. Zimene zimayamba kuyera ndi za mtovu wosasakaniza, zofewa zija amaumbira mfuti zothira wonga kukamwa. Za msakanizo wa Lyman No. 2, womwe pa magawo 100 alionse 90 ndi mtovu, 5 tini, 5 antimoni (chitsulo cholimbitsa mtovu), zimakhala nthawi yaitali zikuwalabe. N'chimodzimodzi za linotype, chitsulo chimene osindikiza manyuzipepala ankaumbira zilembo, cha mtovu 84, antimoni 12 ndi tini 4. Timitovu ta m'matayala tili ndi tini wochepa kwambiri, osafika gawo limodzi pa 100. Komabe munthu sasankha msakanizo chifukwa cha kasungidwe. Mfuti ndi imene imalamula kulimba kwa chipolopolo, ndipo tini ndi wodula. Zofewazo zimangofunika kuzisamala koposa zinzake.

Tsopano pali msampha umene ambiri amagweramo. Akamva kuti mpweya ukuwononga, amathamangira kutseka. Kutseka n'kwabwino pokhapokha ngati zimene mwatsekera m'katimo zili zoyera. Mukatenga katoni ya zipolopolo n'kuiika m'chitini chotseka ndi labala, mwatsekera mdani m'chipinda chimodzi ndi mwana. Pashelefu yapoyera nthunzi ya asidi ikanauluka ndi mphepo, koma m'chitinimo ilibe kopita, imangounjikana. Chitini cha khofi chinapulumutsa zipolopolo chifukwa munalibe kalikonse kotulutsa asidi, ngakhale chivundikiro chake chinali chogwedera. Dilowa ya oak inali yotsekeka bwino kuposa chitinicho, ndipo kutsekeka kwakeko ndi kumene kunaipitsa zinthu.

Chosungiramo chabwino ndi botolo lagalasi, chitini chachitsulo chimene penti wake anauma kalekale, kapena pulasitiki wa mtundu wosungiramo chakudya. Pansi pa zigubu pamakhala nambala m'kachizindikiro ka makona atatu: 2, 4 ndi 5 ndi abwino, 3 ndi wopewa. Aku America amakonda zitini za asilikali zosungiramo zipolopolo, zobiriwira zija zokhala ndi labala pachivundikiro. N'zabwino, koma mtovu ndi wolemera kuposa madzi maulendo 11, ndipo chitini chachikulu chikadzaza chimapitirira makilogalamu 40. Msana umadandaula. Kulongedza m'timajumbo tokhuthala ta 100 kapena 200 n'kuika m'zitini zing'onozing'ono kumathandizanso mbali ina: mukafuna zochepa simutsegulira zonse mpweya watsopano. Ena amakoka mpweya m'timajumbomo ndi makina osungira nyama, ndipo zimagwira ntchito. Kapepala kolemba tsiku ndi msakanizo kamatidwe kunja. Pepala lothira mankhwala limene amakulungira zida zachitsulo kuti zisachite dzimbiri musalidalire mwachimbulimbuli, chifukwa mankhwala a ena mwa mapepalawo amateteza chitsulo koma amaluma mtovu.

Tsikulo likufunikadi kulembedwa, pa chifukwa china chosakhudzana ndi dzimbiri. Mtovu wa antimoni umapitiriza kulimba kwa milungu ingapo ukachoka m'chikombole, pomwe wa tini yekha umafewa pang'onopang'ono. Zipolopolo za chaka chino ndi za zaka zisanu zapitazo sizifanana kulimba ngakhale zichokere mumsakanizo umodzi.

Chinyezi ndi mwendo wachiwiri wa vutoli, ndipo ndi wosavuta kuuthyola. Asidi sangalume popanda madzi. Ambiri amagwetsera zipolopolo zotentha m'ndowa yamadzi kuti zilimbe, n'kuzilongedza mawa lake zikuoneka zouma, pomwe m'timizere tozungulira chipolopolo muli madzi. Ziyanikidwe masiku angapo pamalo ouma. Polongedza valani magolovesi, chifukwa thukuta lili ndi mchere ndi asidi, ndipo chala chimasiya chidindo chimene chimadzaonekera pakapita chaka. Tsekani chitini tsiku louma, osati tsiku la mvula, popeza mpweya umene mwatsekera ndi umene udzakhale momwemo. Kapaketi ka silika, timikanda tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala, kamayamwa chinyezi chotsala. Wina amasintha mtundu akakhuta madzi, wabuluu kusanduka wapinki, ndipo amabwerera mwakale mukamuotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120. Kachikwama ka makala osefera madzi kamayamwa nthunzi ya asidi, ndi njira imene osunga zinthu zakale amagwiritsanso ntchito.

Galaja si malo abwino, ngakhale ndi kumene aliyense amasungira. Usiku kumazizira, masana kumatentha. Mtovu wambiri ukazizira umachedwa kufunda, ndiye mpweya wofunda wam'mawa ukaukhudza umachita thukuta ngati botolo la Fanta lochokera mufiriji. Ku Tennessee, komwe chilimwe chake chimakhala cha chinyezi ngati ku Nkhotakota mu Januwale, zimenezi zimachitika kawirikawiri. Chipinda cham'nyumba chimene kutentha kwake sikusinthasintha ndi chabwino, bola chikhale chokhoma kuti ana asafikeko. Chitini chozizira musachitsegule chisanafunde.

Njira yachitatu ndi kuchiveka chipolopolocho malaya. Apa oumba amatsutsana kwambiri, koma zina n'zodziwikiratu. Mafuta olimba amene amapanikiza m'timizere amateteza timizere tokha, mphuno ndi tsinde zili pamtunda. Lee Liquid Alox, mafuta amadzimadzi amene amathira m'chigubu n'kukhutchumula zipolopolo mpaka zonse zitapakika, amakuta paliponse ndipo akauma amakhala ngati vanishi wofiirira. Amanata ndipo amakola fumbi, koma mpweya sadutsa. Kuyambira cha m'ma 2010 ambiri anatembenukira ku penti waufa, amene amamuotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 200 kwa mphindi 20 n'kusanduka chikhungu chapulasitiki. Pa nkhani ya kusunga, ine ndimaona kuti palibe chomuposa. Kungoti uvuniwo usadzaonenso chakudya, ndipo kutenthako kumafewetsa zipolopolo zimene munazilimbitsa m'madzi. Chimene sindingalimbikitse pa zosunga zaka zambiri ndi mafuta anyama, ngakhale okonda mfuti zachikale amawasakaniza ndi phula la njuchi ndipo powombera amagwira bwino ntchito. Mafuta anyama akavunda amatulutsa asidi wawo, n'kumadya chimene anayenera kuchiteteza.

Zikayera kale, n'kutani? Kutuwa kosalala kulibe kanthu. Kaufa kochepa kopukutika ndi kansanza konyowa ndi mafuta si tsoka. Koma chipolopolo chimene chachita nkhanambo chasintha kukula, ndipo anthuwa amayeza mpaka gawo limodzi mwa magawo 40 a milimita. Zoterozo malo ake ndi mumphika. Musanamizidwe ndi zipolopolo zoyera za nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 zimene anthu amafukula m'minda ya ku Virginia n'kumagulitsa. Chikhungu cha izo chinakula pang'onopang'ono m'nthaka, ndi cholimba ndipo chinamatirira. Cha m'dilowa ndi ufa wouluka.

Kuulukako ndi kumene kumandiopsa ine kuposa kuwonongeka kwa zipolopolo. Mtovu wathunthu ukaugwira n'kusamba m'manja sulowa m'thupi wambiri. Ufa woyerawu umakwera m'mwamba, umakakamira m'zikhadabo, umapita kukamwa ndi chakudya kapena ndudu, ndipo asidi wa m'mimba amausungunula mosavuta. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wosavulaza, ndipo mwana amayamwa mtovu umene wameza kanayi kapena kasanu kuposa munthu wamkulu. Ukalowa umakakhazikika m'mafupa kwa zaka makumi angapo. Anzathu a ku Kabwe ku Zambia, komwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake likudwalitsabe ana, sangafune kuuzidwa kawiri. Choncho bulashi yawaya ayi, kupemerera ndi pakamwa ayi, kuzizunguza zouma m'makina opukutira ayi, kusesa ndi tsache ayi. Pukutani ndi nsanza yonyowa. Ndipo musazitsuke ndi viniga, ngakhale pa intaneti ena amalangiza choncho. Zimayeradi, koma madzi otsalawo ndi shuga wa mtovu uja, poizoni wosungunuka, ndipo viniga wotsalira m'timing'alu amayambitsanso matendawo mwamphamvu kuposa kale.

Posungunulanso, zipolopolo ziikidwe mumphika wozizira n'kuzitenthetsa pamodzi, panja kapena pamalo opita mphepo. Nkhanambo zimabisa chinyezi, ndipo dontho lamadzi likamira mumtovu wosungunuka limasanduka nthunzi yokula kuposa maulendo 1,600 m'kuphethira kwa diso, n'kumwaza mtovu wamoto mpaka kudenga. Zinyalala zotuwa zimene zimayandama pamwamba ziwauleni n'kuzitsekera m'chitini, chifukwa nazonso ndi fumbi la mtovu.

Aneba anga anachita zomwezo Loweruka lotsatira, atavala chotseka pamphuno ndi magolovesi. Zipolopolo zonse za m'dilowa zinalowa mumphika. Koma sanaumbenso zipolopolo. Anathira mtovuwo m'chiwaya chakale chophikira makeke ang'onoang'ono n'kutulutsa zibuma ngati zitumbuwa, chilichonse atachikhoma nambala ya msakanizo ndi chitsulo. Chibuma chili ndi khungu lochepa poyerekeza ndi kulemera kwake, ndipo chikathimbirira palibe chotayika, chimayera chokha mumphika. Anati kuyambira pamenepo aziumba za chaka chimodzi basi. Kabatiyo anaipukuta katatu ndi nsanza zonyowa, n'kuikamo misomali ndi masikuluwu. Nditawauza kuti asidi wa oak amadyanso chitsulo, anakhala chete pang'ono, kenako anasolola dilowa n'kuyamba kutulutsa misomaliyo umodziumodzi.